Apongozi Anga pa Njanji ya Kolomu

Amene akuti ndikunama aimirire, andiyang'ane m'maso, osamang'ung'udzira m'chikho ngati mmene akuchitira Sibanda apoyo. Inu a komboni ino ya Amaveni a masiku ano mumati mukavala chisoti chonyezimira ndi jombo zatsopano ndiye kuti ntchito mwaidziwa. Ine Jailosi ndinaimitsa mabogi a sitima odzaza miyala ndi msana wangawu, ndipo ndinawaimitsa ndili chogwada. Iwe mhani, leka kuseka, thira mowa umve.

Inali nthawi ya nkhondo, azungu a kuno atayambana ndi dziko lonse lapansi, ine ndikugwira ntchito ku Shurugwi, komwe masiku amenewo tinkati Selukwe, m'dziko lino limene kwathu amangoti ku Halale, pa bwalo lopakira m'sitima miyala ya kolomu yokumbidwa mumgodi wa paphiri. Malowo tinkawatcha doko ngakhale madzi analipo a pampopi okha, chifukwa mwala uliwonse wochoka pamenepo unkakathera m'sitima za pamadzi, utafunditsidwa matenti kuti ogula asafunsidwe kumene autenga. Malamulo ake analinso a padoko: wopanda chisoti asalowe, mlendo aime kuseri kwa mzere wachikasu, panjanji pasaime munthu ngakhale womanga chingwe cha nsapato. Ndiye pamwamba pa thanki ya madzi pankakhala asilikali awiri amantha, chala chili pamfuti, oti chitsulo chikangogwa pansi iwo ayamba kale kuwombera. Mukumva?

Tsiku lina masana, anzanga onse atapita kukadya, mlonda wa pageti akuwodzera, ndinangoona mayi akulowa atasenza chigubu cha thobwa. Apongozi anga! Anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu, mkazi wanga ali m'chikuta, ndiye anaganiza kuti mkamwini asafe ndi ludzu. Chizungu cha pa zikwangwani sankachidziwa, mzere wachikasu anangoudumpha. Atandiona ndikubwera anachita zimene mayi aliyense wolemekezeka wa kwathu amachita akakumana ndi mkamwini: anapatuka, nandipatsa msana, nafunda chitenje kumutu, nagwada. Anagwada pakati penipeni pa njanji.

Pomwepo ndinamva njanji ikunjenjemera pansi pa mapazi anga. Kucheukira kumtunda, mabogi odzaza kolomu amasuka okha, opanda injini, opanda munthu, akutsika phiri lija la Selukwe loti ngakhale mbuzi imatsika chobwerera m'mbuyo. Ndinachita mantha, sindibisa. Ndikuwe kuti basopa? Asilikali aja awaza zipolopolo bwalo lonse, woyamba kugwa akhala mayi wofunda kumutuyo. Ndiwauze kuti chokani? Ndi mkamwini uti anauzapo apongozi ake kuti chokani, banja n'kukhalapobe? Ndiwagwire pamkono ndiwakoke? Ha! Bola kufa. Ndinaona kuti chapafupi n'kuimitsa mabogiwo.

Ndinathamanga kukwera phiri mpaka chithunzithunzi changa chinatsalira m'mbuyo chikupuma wefuwefu, ndinadumphira pa bogi yakutsogolo, ndinapotokola buleki, buleki n'kuthothokera m'manja mwanga, ndinaiika m'thumba kuti isalire pogwa, ndinatsikira kutsogolo, msana kuchitsulo, zidendene pa mitanda ya njanji, mitanda ija n'kumathyoka umodziumodzi ngati nzimbe, jombo n'kuyaka, moto n'kugwira ovololo kuyambira kumiyendo, mawilo n'kuyamba kulira, ine poona kuti asilikali amva ndinatsegula pakamwa kulira konseko n'kumeza, mpaka lero ndikageya agalu a kutali ku Somabhula amauwa. Mukumva inu?

Koma mabogi osaima. Ine kutsetsereka, kutsetsereka, msana wa apongozi ukukulirakulira m'maso mwangamu, mpaka ndinayamba kuona maluwa a pachitenje chawo, iwo ali phee kudikira moni. Apo ndinakumbukira kuti munthu safika pa apongozi ali chiimire. Ndinagwada. Maondo angawa analima pansi, miyala ya panjanji ikuthawira uku ndi uku, fumbi kobo, mpaka mabogi anaima, pakati pa ine ndi iwo patangotsala poti n'kuikapo chikhatho.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero apongozi osacheuka.

"Ndaswera, kaya inu amayi," ndinayankha, phiri lonse lili pamsana.

Shamwari, inu mukudziwa kuti moni wa kwathu sadula pakati. Anayamba ndi mvula ya ku Dedza, anabwera pa mbuzi yawo imene inabereka mapasa, anapita pa mwendo wa malume ake a mkazi wanga, anatchula odwala onse a m'mudzi ndi amene anachira ndi amene anayambiranso, ine ndikungoti eee amayi, zikomo amayi, ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono, fupa la msana likulira, thukuta likugwera panjanji n'kumafuka nthunzi, mawilo akusendera, akusenderabe, ine ndikudziwa kuti ndikangotsokomola kamodzi tonse awiri tiphwanyikira pomwepo, mwana wanga wa m'chikuta adzakula wopanda bambo, wopandanso agogo. Ndipo chifuwa chinandiyabwa, ndikulumbira, chinandiyabwa mpaka misozi. Atafika pa nkhuku zimene zinafa ndi chitopa, m'maso mwanga munayamba kuda.

Kenaka anati, "Basi, tisakuchedwetseni pantchito." Anasiya chigubu pambali, nadzuka, natuluka m'njanji.

Ndinakankha ndi phewa limodzi, mabogi aja anabwerera okha kumtunda mpaka pakhomo pa mgodi. Ine ndinaimirira, mtima uli mbee kuti ndapulumutsa mayi amene anandiberekera mkazi. Apo ndi pamene apongozi anacheuka pang'ono, kungoponya diso kuti atsazike. Ine osadziwa kuti moto uja wadya ovololo yense, chatsala pathupi ndi kolala ndi chisoti.

"Mayo ine!" Anaphimba kumaso ndi manja onse awiri, liwiro mpaka kukomboni.

Mukufuna mboni, eti Sibanda? Mboni inalipo imodzi, ndipo mabogi sinawaone. Mpaka tsiku limene anamwalira, apongozi anga ankauza anthu ku Dedza kuti mkamwini wawo wa ku Halale ndi munthu waulemu kwambiri, moni amaumva mpaka kumapeto ali chogwada, kungoti ntchito amagwira ali maliseche.