Mphuno imene ndinapangira galimoto

Pali zinthu zina munthu umazichita ndi mtima woyera, utayamba ndi pemphero, koma n'kutsala pang'ono kumuikitsa mnzako m'manda. Ine zinandichitikira, ndipo mboni zilipo kwathu ku Ndunde. Zina mwa mbonizo timakhala nazo benchi imodzi m'tchalitchi, ndipo ndikaimirira kuti ndipemphere ndimamva zikudziletsa kuseka.

Zaka zija matola atangochuluka m'misewu, ndinali ndi kapikapu kakale koyera (koyera pa dzina, chifukwa dothi lathu lofiira linali litakabatiza kalekale). Ndinkanyamula kabichi, tomato, nandolo ndi eni ake kupita nawo ku msika wa ku Namitambo. Sikankathamanga, koma kankafika.

Ndiye kunabwera alamu anga, achimwene awo a akunyumba, kuchokera ku Joni. Ena anawabweretsera mabulangete. Ine anandibweretsera chipaipi chonyezimira, chopindika ngati chigongono, kumapeto kwake kuli fyuluta yosefera mpweya, yofiira, yooneka ngati kadengu.

"Alamu, galimoto yanuyi ikupumira m'thumba," anatero akumasula chibokosi chakuda cholowera mpweya chimene inabadwa nacho, kuti aikepo chipaipicho. "Petulo yekha sayaka. Amafuna mpweya, ndipo mpweyawo ukhale wozizira."

"Mpweya si mpweya basi?"

"Ayi. Wozizira ndi wothithikana, umalowa wambiri. Wotentha ndi wofufuma ngati mandasi a ku depoti, kukula kokha, m'kati mulibe kanthu."

Mawu amenewa ndinayenda nawo tsiku lonse. Ine chibadwire ndakhala ndikupuma, osadziwa kuti chinthu chosaonekachi chimathithikana ndi kufufuma, kuti cha m'mawa n'cholemera kuposa cha masana. Ndinaganiza za Iye amene anawerama pa dothi n'kuliuzira m'mphuno, kuti anaika malamulo ngakhale m'zinthu zimene maso athu sadzaziona. Mukhoza kuseka, koma ndinaima pambali pa boneti nditavula chipewa.

M'mawa kuli chisanu, galimoto ija inkakwera zitunda ngati thole lotsegulidwa m'khola, ikufwenthera mokoma. Koma mwezi wa Okutobala utafika, ikaima pa msika kudikira anthu, ponyamuka inkachita ulesi woposa wakale. Tsiku lina ndinagwira chipaipi chija ndi chala. Chala chimenecho chinatupa mpaka Lamulungu.

Alamu ndinawapeza akumanga katundu wobwerera. "N'chizolowezi chake chimenecho," anatero. "Galimoto ikaima, mphepo silowa mu boneti, ndiye zonse zimaphikika m'menemo. Paipiyo imamwa moto wa ekizozi, fyuluta n'kumakoka mpweya wa m'ng'anjo. Muitchinjirize, muipezere mpweya wakunja." Atatero anakwera basi. Anandisiyira uthenga, koma kalasi ya ubatizo sanandilowetse.

Choyamba ndinkangotsegula boneti ndikaima pa msika kuti kutentha kutuluke. Zinkathandiza, koma anthu akaona boneti ili yasa ankadutsa ndi madengu awo kukakwera ina. Mayi wina anaima n'kundifunsa mwachifundo, "Yamwalira liti, bambo?"

Kenako ndinakumbukira mmene akunyumba amakutira chigubu cha mkaka ndi chiguduli chonyowa. Ndinakulunga paipi ndi chiguduli n'kuthira madzi. Zinatheka ndithu, koma chiguduli chimauma, ndiye pa mjigo uliwonse ndinkaima ndi kapu m'manja. Okwera anaitcha galimoto ya malungo. Ndinasiya tsiku limene nsonga ya chiguduli inagwera pa ekizozi n'kuyamba kufuka (anthu anatsika onse galimoto isanaime, kuphatikizapo agogo ena amene pokwera tinachita kuwanyamula).

Apa ndinakhala pansi n'kuganiza bwino. Ndinadula chidutswa cha lata n'kuchiimika pakati pa ekizozi ndi paipi, ngati chotchinga. Paipi ndinaikulunga ndi mapepala onyezimira a m'mabokosi a tiyi. Fyuluta ndinaitsekera m'chitini chachikulu cha mafuta ophikira, n'kuboola chitinicho, n'kulowetsamo paipi ya pampu yopondaponda ya kudimba. Paipi imeneyi ndinaiyendetsa mpaka kutsogolo, n'kuikako fanulo ya parafini kukamwa kwake. Malo okhawo amene fanulo inakwana anali pansi penipeni pa nyali yakumanzere. Pomaliza ndinamanga molumikizira monse ndi mphira za chubu, zolimba, kuti mpweya wotentha usapeze ngakhale kampata. Galimoto yonse tsopano inkapumira pa mphuno imodzi imeneyi.

Abale, zinagwira ntchito. Masana dzuwa lili paliwombo, injini ili ng'anjo, ukagwira paipi inali yozizira ngati mtsuko. Ndinkakumbukira anyamata atatu aja amene anayenda m'moto tsitsi lawo osawauka. Ndinkaitana anthu kuti adzagwire. Ena ankagwira mwaulemu chabe, koma ine mtima unkadzaza. Ndinkaona kuti ndaloledwa kusuzumira pang'ono m'nzeru za chilengedwe, ine munthu wa sitandade eyiti.

Mvula yodzalira inagwa tsiku lina masana, yamphamvu, n'kukata dzuwa likupendeka. Ndili pakhonde kusankha mbewu, ndinaona mayi Makwinja akubwera chothamanga, matope mpaka m'mawondo. Amuna awo, a Makwinja, ndi amene amatiyambitsira nyimbo kutchalitchi, munthu wa mawu oti akakweza malata amanjenjemera. Koma ali ndi mphumu, ndipo nyengo ikasintha imawagwira pakhosi.

"Bambo a Tiyanjane, anzanu aja chifuwa chatseka. Mankhwala atha. Tithandizeni tikafike kuchipatala cha mishoni ku Nguludi."

Batire yanga inali yofooka, yolira mochita kukankha, choncho nditafika pakhomo pawo sindinazimitse injini. Kunja kunali kutayamba kuda ndi mitambo, ndiye ndinayatsa nyali kuti tione poponda. M'nyumba tinachedwamo. A Makwinja anali atakhala pa mpando, manja pa mawondo, mapewa akukwera ndi kutsika, m'chifuwa mukulira ngati wezulo wosweka. Kuyenda sakanatha. Tinawaveka jekete, tinapemphera mwachidule, n'kuwanyamula ndi mpando womwewo.

Potuluka ndinaona chinthu chokongola. Chulu cha kuseri kwa nyumba yawo chinali chitatseguka, ndipo ngumbi zinkatuluka ngati utsi, zonse kulunjika ku nyali zanga. Zinali kuvina m'kuwalako, mapiko akunyezimira, anthu oyandikana nawo atafika kale ndi mabeseni. Ndinayamika mumtima kuti Iye amene anagwetsa chakudya m'chipululu sanasiye ntchito yake. (Onani, maso anga anali pa nyali yeniyeniyo, koma mutu sunandiuze kanthu.)

Tinawakhazika kutsogolo pakati pathu, mayi ku windo, n'kunyamuka. Poyamba zinali bwino. Kenako ndinamva galimoto ikulemera. Ndikaponda, m'malo mothamanga inkabuula. Ndinatsitsa giya. Inatsokomola, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda. Ndinatsitsanso. Tili pakati pa chitunda china, magetsi a ku mishoni akuoneka patali, inagwedezeka kawiri n'kuzima.

Bata limene linagwa pamenepo sindidzaliiwala. Kunalibe galimoto ina, kunalibe njinga. Kunkamveka achule, ndi kamluzu kaja m'chifuwa cha a Makwinja, kakuchepera. Milomo yawo inali itayamba kuda. Mayi ankawasisita pamsana akunong'ona, "Pumani, bambo, pumani," ngati kupuma ndi chinthu choti munthu angamuuze.

Ndinatsegula boneti. Ndinagwedeza mawaya a mapulagi. Ndinagogoda batire ndi mwala. Ndinayang'ana petulo. Ndinagwira chilichonse kupatula ntchito ya manja anga, poti imeneyo ndinkaikhulupirira. Pemphero limene ndinapemphera linalibe chiyambi chaulemu chija timayambira m'tchalitchi. Ndinangoti, Ambuye, munthuyu ndi wanu, musamutengere pa galimoto yanga.

"Bambo a Tiyanjane," anaitana mayi Makwinja pa windo, "mwanyamula ngumbi?"

"Ngumbi za chiyani, mayi, nthawi ino?"

"Nanga fungoli? Kukununkhira zokazinga."

Ndinanunkhiza. Zoonadi. Zingapo zinali zitagwera pa ekizozi n'kumapsa. Ndinazitsata ndi maso mpaka kutsogolo, ndinagwada m'matope, n'kuyang'ana pansi pa nyali. Fanulo yanga sinkaoneka. Panali chimpira cha mapiko onyowa. Ndinalowetsa chala, n'kupeza kuti paipi yonse ya pampu ija yadzaza, yothinana ngati thumba la fodya. Nthawi yonse imene tinali m'nyumba, nyali inkaitana, mphuno n'kumameza.

Mphira zija ndinazimanga ndi chikondi chonse, ndipo tsopano zinakana kumasuka. Ndinaziluma ndi mano. Ndinazula paipi, ndinang'amba chitini mpaka kudzicheka m'manja, n'kuponya zonse kumbuyo. Fyuluta inali yavala mapiko ngati nkhuku. Ndinaikuntha pa bondo, n'kuibwezera ili yamaliseche, pafupi ndi ekizozi pomwe, pamalo pamene ndinakhala miyezi ndikuiletsa kupumirapo.

Woti akankhe panalibe, koma chitunda chimene chinatigonjetsa ndi chomwe chinatithandiza. Ndinalowetsa giya ya livesi, n'kumasula buleki, galimoto n'kuyamba kutsetsereka chambuyo. Nditachotsa phazi pa kilatchi inagwedezeka, inatsokomola, kenako inakoka mpweya wautali, wotentha, wofufuma, wa mandasi uja. Ndamvapo makwaya ambiri pa moyo wanga, koma sindinamvepo nyimbo yokoma ngati kulira kwa injini imeneyo.

Ku chipatala anamwino anawalandira mwachangu. Anawabaya jakisoni, n'kuwaveka chopumira kumaso. Ine ndinakhala pa benchi pakhomo, magazi akuuma m'manja, mapiko a ngumbi ali m'tsitsi, ndikumvetsera. Pang'onopang'ono kamluzu kaja kanayamba kutalika, kenako kufewa, kenako kanatha. Kunatsala kupuma wamba, kolowa ndi kotuluka, kumene tonsefe timachita osathokoza. Ndinayesa kumvetsera kwanga komwe. Ndinachita mantha, mantha abwino aja, poona kuti pakati pa munthu ndi manda pali kachinthu kopyapyala chonchi, ndipo Wina amakagwirizira usana ndi usiku, kwa olungama ndi kwa opusa omwe.

Mawa lake masana ndinapita kukawaona. Ndinawapeza atakhala tsonga pa bedi, akudya. Ndiwo zake zinali ngumbi. Mayi Makwinja anali atakhuthula paipi ndi chitini chija m'bandakucha, n'kupeta, n'kukazinga kukhitchini ya odikirira odwala, mpaka kugawirako a bedi loyandikana.

"Bwerani, amisiri," anatero a Makwinja, mawu ali osasa. "Sambani m'manja. Ndiwozi ndi zanu, ife tangothira mchere."

"Achimwene, mundikhululukire. Ndikanakuphani."

"Mukanandipha ndi ndiwo m'galimoto? Anthu akanadya bwino pamaliro." Anaseka, chifuwa n'kuwakumbutsa, n'kudikira kaye. "Mayiwa andifotokozera zonse. Akuti munaipangira mphuno."

"Eya."

"Zingati?"

"Imodzi."

Anapukusa mutu akutafuna. "Inu mumawerenga Malemba kuposa tonse. Mwiniwake potiumba anaboola ziwiri, n'kuona kuti sizikwanira, n'kuwonjezera pakamwa. Ine dzulo zonse zitatu zinali zotsegula, koma onani mmene zinalili. Inu n'kupatsa galimoto imodzi?"

Ndinangodya ngumbi zanga, ndipo ndivomere kuti zinali zonona.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinabwezera chibokosi chakuda chija n'kusiya zonse. Ndinayesa sabata imodzi. Koma munthu amene wagwirapo paipi yozizira pakati pa ng'anjo savutika kubwerera ku tchimo lake. Ndinapeza chitini china, ndinaboola mbali ziwiri, mafanulo n'kuwaika kutali ndi nyali, kukamwa kwake n'kumangako waya wa sefa. Lamulungu limene a Makwinja anaimiriranso kutsogolo n'kukoka mpweya kuti ayambitse nyimbo, ine ndinalephera kuyimba. Akunyumba anaganiza kuti ndi Mzimu. Mwina unalidi Mzimu. Koma ndinalinso ndikusinkhasinkha mmene ndiwauzire kuti sefa yawo ya ufa asavutike kuifunafuna.