Khutu la Bezi ndi Khomo la Kuseri

Pulani inabadwira pa tebulo la pakona m'bala ina, Lachitatu masana, nthawi imene anthu olongosoka amakhala ali ku ntchito. Mwini pulaniyo anali Jenerali, munthu amene sanagwirepo mfuti ngakhale ya chidole koma ankayenda ngati wangochoka pa perete. Anakankhira mabotolo pambali, n'kuviika chala m'madzi otayikira patebulo, n'kuyamba kujambula mapu.

"Apa ndi sitolo ya zoimbira. Apa ndi khomo la kuseri. Mayi wake amatseka thwelofu koloko kukadya, kubwera ndi wani. Ola lathunthu, alamu. Munthu utha kuba, kusesamo, n'kuthirira maluwa."

Alamuwo anali Bezi, mwamuna wa mlongo wake wa Jenerali. Bezi anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi kuseri kwa mikisa, akusakaniza mawu a bandi ina yoimba m'maukwati. Tsiku lina sipika inalira mluzu mkwati ali mkati mothokoza apongozi ake, ndipo mwini bandi anamuchotsa ntchito anthu akuona, n'kuwonjezera kuti makutu a Bezi ntchito yake ndi kutchinga chipewa kuti chisagwere m'maso. Vuto linali waya wotha amene Bezi anadandaula katatu konse, koma nthabwala ili ndi miyendo kuposa zoona. Kuyambira pamenepo ngakhale mkazi wake ankamukwezera mawu pomuitana. Njala ankaipirira. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti panalibe munthu ngakhale mmodzi, wodziwa zinthu, amene anganene kuti khutu la Bezi ndi labwino.

Wachitatu anali Kadzidzi, amene anapatsidwa ulonda chifukwa cha maso ake aakulu. Palibe amene anaganizapo zoti kadzidzi masana saona.

"Ndiye tikanyamula masipika?" anafunsa Kadzidzi.

"Masipika ndi katundu wa mbava zosaphunzira," anatero Jenerali. "Ife tikufuna kanthu kolowa m'thumba la malaya koma mtengo wake wa njinga yamoto. Timahedifoni tija."

"Mamonita a m'khutu," Bezi anamukonza. "Si mahedifoni a pamsika amenewo. Amalowa mkati mwa khutu n'kutseka kuti ndii, phokoso la kunja osalimvanso. Oimba amavala pasiteji. Ena ali ndi kasipika kamodzi mkati, ena tisanu, kalikonse ndi ntchito yake."

Izi Bezi ankazidziwa chifukwa chowerenga pafoni zaka ziwiri. Kuvala ndiye anali asanavalepo. Ake omwe anali nawo ankalira mbali imodzi, nayonso mpaka utapinda waya n'kuugwira ndi chibwano.

"Mwamva? N'chifukwa chake ndakutengani, alamu," anatero Jenerali. "Pali woimba wina wamatama akufuna apamwamba kuposa onse. Inu mukaloza, ine ndikadula, Kadzidzi akaimba mluzu zikavuta. Lamulo ndi limodzi: kutsogolo kuli kamera, palibe wodutsako. Dili imeneyi ndi yophaipha."

Anagundanitsa mabotolo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Lachinayi, thwelofu itangodutsa, anali m'kanjira ka kuseri kodzaza makatoni. Khomo silinavute, ndipo Jenerali anapukusa mutu modandaula ngati kuti loko yamunyoza. Kadzidzi anatsala panja atatsamira khoma, mluzu uli m'kamwa.

Mkati munali mozizira, mukununkha katundu watsopano. Mabokosi onse anali m'kabati yachitsulo imene ngakhale Jenerali anangoipatsa ulemu n'kuidutsa. Koma kukhoma la kumanzere kunali tebulo lalitali loyesera, mipando itatu yoyang'ana kukhoma, kachipangizo koimba nyimbo, ndi mamonita khumi ndi awiri atapachikidwa pamzere. Aliwonse anamangidwa ku tebulo ndi kawaya kachitsulo. Panalibe dzina kapena mtengo, manambala okha, chifukwa mayi wa sitoloyo ankafuna kuti makasitomala azisankha ndi khutu osati ndi maso.

Jenerali anapisa m'jekete n'kutulutsa chida chake: kasowo kotha mano kamene anabwereka kwa wokonza mipope. Anayesa pa kawaya kamodzi. Patatha mphindi zitatu, kawayako kanangowala pang'ono.

"Awa tingathe amodzi basi," ananong'ona, thukuta lili kamukamu. "Sankhani msanga, alamu."

Bezi anakhala pampando wapakati. Anatenga nambala wani, n'kufinya timasiponji ta kunsonga monga anawerengera, n'kulowetsa m'makutu. Timasiponji tinafufuma pang'onopang'ono, ndipo dziko linazima. Galimoto za mumsewu, firiji ya sitolo yoyandikana, kupuma kwa Jenerali, zonse zii. Anadina batani. Gitala inayamba, kenako ng'oma, kenako mayi wina anayamba kuimba pakati penipeni pa mutu wake.

Misozi inalengeza. Zaka zonsezi ankamva nyimbo ngati munthu woonera mpira pa kabowo ka mpanda, ndipo lero wina anamutsegulira geti.

Apa ndi pamene pulani inayambira kudwala. Munthu wotseka makutu sadzimva, ndipo wosadzimva amayesa akunong'ona pamene akulalikira.

"Awa bezi wachuluka," anatero Bezi ndi mawu oitanira munthu kutsidya la msewu. "Kugunda kwa pansiku kukukwirira woimba."

Jenerali analumpha ngati waponda moto. Anamugwira pakamwa, n'kumuzula monita imodzi. "Mukufuna kutigwiritsa? Tsitsani mawu."

"Ndanong'onatu ine."

"Tengani awo agolidewo tizipita. Akuoneka okha kuti ndi a ndalama."

"Nambala faifi? Chikomekome cha nkhuyu chimenecho. Dikirani ndimve."

Anamva faifi, n'kukwinya nkhope: mawu a pamwamba ankabaya ngati singano. Anamva thuu, anamva naini, anabwerera ku thuu. Anasintha timasiponji n'kuika timphira, n'kupeza kuti bezi wathawa, n'kubwezeranso. Pa nambala seveni, mamonita otuwa osaoneka bwino, anatseka maso ndipo sanawatsegule msanga.

"Seveni," analengeza atawachotsa m'makutu.

"Otuwawo? Alamu, anthu aja ankanena zoona eti? Makutu anuwa ndi a chipewa?"

Mawu amenewo akanawameza. Bezi anaimirira, n'kumukhazika mlamu wake pampando ngati mwana wokana kumeta, n'kumutseka makutu onse awiri ndi nambala wani. "Imvani nokha, ndiye muyerekeze ndi seveni."

Ng'oma itagunda, nkhope ya Jenerali inasungunuka. Phazi linayamba kugunda pansi. Mapewa anatsatira.

"Awa ndiye eni ake," anakuwa. "Akugunda mpaka m'chiwindi. Tiba awa."

"Bezi si nyimbo," Bezi anakuwa mobweza, seveni ali m'makutu. "Mvetserani mawu a mayiyo."

"Mwati chiyani?"

"Ndati bezi si nyimbo."

"Musakuwe, atimva anthu!"

Panja, Kadzidzi anali atamva zonse, pamodzi ndi telala wa sitolo yoyandikana, wometa tsitsi wa kutsidya, ndi kasitomala wake amene anatuluka mutu uli wometedwa theka. Kadzidzi anaimba mluzu kamodzi. Anaimba kawiri. Anaimba mpaka masaya kuwawa, agalu awiri n'kubwera kudzafunsa chomwe akuwaitanira. Kenako analowa mothamanga n'kuwagwedeza mapewa.

"Akuluakulu, mukumveka mpaka ku sitolo ya matayala. Tiyeni tithawe."

Bezi anangoona milomo ikuyenda. Chimene anaona china n'chakuti kwabwera munthu wachitatu, ndipo mkangano wa anthu awiri umafuna woweruza. Anamukokera pampando wotsala.

"Aise, mphindi imodzi yokha. Wani ndi seveni, utiuze zoona."

"Koma anthu..."

Timasiponji tinafufuma, ndipo anthu aja anatha. Maso a Kadzidzi, aakulu kale, anakula kuwirikiza. Kenako anatsekeka, mwina koyamba chibadwire ali pa ntchito.

"Koma ine ndakonda faifi," anakuwa patapita kanthawi.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anasinthana mipando. Anasinthana mamonita. Anavota, aliyense n'kupeza voti imodzi. Jenerali analamula kuti abwereze nyimbo ija kuyambira poyamba kuti chilungamo chioneke. Kasowo kanali pansi, kataiwalika.

Bezi sanadziwe kuti kuseri kwa msana wake, pagalasi la kutsogolo, panali nkhope zoposa makumi awiri. Sanadziwe kuti telala anali atakankhira mgolo wa zinyalala pa khomo la kuseri n'kukhalapo, kapena kuti wometa anaimbira foni mayi wa sitolo ndi apolisi. Sanamve makiyi akulira, ngakhale belu la pakhomo. Iye anali kutali, akumva chala cha woimba gitala chikutsetsereka pa waya, ndipo anali wosangalala kuposa tsiku la ukwati wake.

Nyimbo inaduka mwadzidzidzi.

Atatuwo anatsegula maso n'kuona dzanja lovala chibangili litagwira pulagi. Anatembenuka pamodzi. Mayi wa sitolo anali wamfupi, wa magalasi, chakudya chake chosatha chili m'kapepala kudzanja linalo. Kumbuyo kwake kunali apolisi awiri, ndipo wamkuluyo ankaluma mlomo kuti asaseke.

Jenerali anaimirira kuti aliyatse liwiro, kuiwala kuti makutu ake ndi omangirira ku tebulo. Kawaya kanamubweza pampando mwaulemu.

"Tinabwera kudzagula, mayi," anakuwa, monita ikadali m'khutu.

"Ndamva," anatero mayiyo. "Msewu wonse wamva. Mwanena kasanu ndi kawiri kuti 'tiba awa'."

Apolisi atayamba kutulutsa unyolo, mayiyo anakweza dzanja kuti adikire. Anayang'ana Bezi, amene anali akuchotsa nambala seveni mosamala n'kupukuta timasiponji ndi m'mphepete mwa malaya ake.

"Bambo inu, ndaima pano mphindi khumi ndikukumvani. Chifukwa chiyani seveni?"

Bezi anadziwa kuti kaya ayankhe kaya asayankhe, kogona lero n'komweko. "Sawonjezera kanthu, mayi, ndipo sabisa kanthu. Woimba akamakoka mpweya mukumumva. Ng'oma ili kumbuyo kwake, gitala kumanzere, aliyense pamalo pake. Wani ndi wokometsera, ungatope naye pa ola limodzi. Faifi ndi chovala chabe." Anazengereza pang'ono. "Komanso nambala folo ali ndi vuto. Mbali ya kumanzere ndi yotsika pang'ono. Musawagulitse, angakubwezereni."

Mayiyo anatenga nambala folo, n'kubwezera pulagi, n'kumvetsera. Atachotsa, anavula magalasi n'kumuyang'ana Bezi nthawi yaitali.

"Mwezi wathunthu ndakhala ndikudzikayikira pa folo ameneyu. Anthu makumi angapo ayesa, palibe anazindikira. Ndipo seveni ndiye apamwamba m'sitolo muno." Anapumira m'mwamba. "Khutu lanu ndi labwino, bambo. Sindinakumanepo nalo lotere."

Bezi anamva kutentha m'maso. Anatembenukira kwa mlamu wake. "Mwamva, alamu? Mukawauze achemwali anu."

"Ndikawauza ndili kuti?" anatero Jenerali, unyolo ukutsekeka pamkono.

"Chikundipweteka n'chimodzi," mayiyo anapitiriza, akukulunga waya wa folo. "Miyezi itatu tsopano ndikufunafuna munthu woti azikhala patebulo limeneli, kuthandiza makasitomala kusankha. Malipiro abwino, ndipo tsiku lonse ntchito yake ndi yomwe mwagwira ulereyi. Onse obwera amangodziwa kunena kuti 'bezi ali bho'. Pepala ndinamata pakhomo."

"Khomo liti?" anafunsa Bezi ndi mawu ang'onoang'ono, kunong'ona kwake koyamba tsiku limenelo.

Anawatulutsira kutsogolo. Anthu anapatuka, wometedwa theka uja akuwomba m'manja. Pagalasi la chitseko, pansi penipeni pa kamera, panali pepala loyera lomatidwa ndi selotepi, ngodya zake zitayamba kufutukuka ndi dzuwa. Bezi anaima, ndipo wapolisi wamkulu uja anamulola kuti awerenge. Linati: Tikufuna munthu wa khutu labwino. Sukulu si nkhani. Lowani mufunse.

Analiwerenga kawiri. Kenako anayang'ana Jenerali, amene anafufuza sitoloyi masabata atatu.

"Ndinaliona, alamu," anatero Jenerali akuyang'ana nsapato zake. "Ndimayesa ndi zija zoletsa kusuta."

Wapolisi anamugwira Bezi paphewa n'kumulozera galimoto.

"Tiyeni, akulu. Kulowa munalowa ndithu, ndipo mayeso mwakhoza. Mwangophonya khomo."