Kuwamba Ng'oma ku Pollokshields

Lolemba

Sukulu zatsekera. Akomiti a kutchalitchi andipatsa holo ku Pollokshields kuno kwa azungu, ana khumi ndi awiri ndi masiku asanu. Loweruka makolo adzaonera mganda. Mganda weniweni wa ku Ntchisi! Abambo anga kumudzi adzaonera pafoni, ndawalonjeza kuti adzamva ng'oma yawo ikulira kuno.

Zomwe zilipo:
- ng'omayo, yomwe anandipatsa tsiku lonyamuka
- makabudula oyera ndi masokosi aatali
- mapaipi apulasitiki m'malo mwa mabadza, zikho zoliza ndi pakamwa zija

Ndikuimenya ana ali pamzere. Ikungoti bwu, ngati pilo. Yazizidwa, ikufuna kuwamba basi.

Lachiwiri

Kwathu kuwamba ng'oma ndi kaudzu kouma ndi machesi, wayandikiza chikopa kumoto, yakungika. Ndikufunsa mayi wosamalira holo ngati ndingasonkhe kamoto kuseri. Akundiyang'ana ngati ndamutukwana.

Dzuwa latuluka! Ndikuthamanga nayo panja. Pofika pakhomo, mvula. Ati chilimwe chimenechi!

Tadala, mwana wanga, akufunsa m'Chichewa chake chopindika: "Adadi, ng'oma akudwala?" Waipatsa ulemu ng'oma, chonsecho ine amangondiyankha kuti "aye", eya wa azungu akuno.

Lachitatu

Atsala khumi. Awiri apita kokasambira.

Mahita a mu holo sayatsa mwezi uno. Ndaima ndi ng'oma m'chimbudzi, pansi pa kamakina koumitsira m'manja, bambo wamkulu ndi digiri yanga. Ikuyamba kumveka. Pofika nayo mu holo yaziziranso.

Ndikuwauza ana kuti mganda umafuna chifuwa patsogolo, mzere woongoka, nkhope ya msilikali. Iwo akugwedeza mapewa ngati zovina za pafoni. Abambo akanangotsokomola kamodzi, mzere wonse ukanaongoka. Ndawasowa.

Lachinayi

Ndabera mayi a Tadala chowumitsira tsitsi. Mphindi khumi pachikopa, kenako ndikumenya.

Yalira! Yalira ndithu! Ana onse zii. Ine sindilinso mu holo. Ndikumva fumbi la pabwalo m'mphuno, amayi akululutira, abambo atapendeketsa mutu, thukuta lili chuchuchu pa malaya oyera. Misozi yalengeza, ndikunamizira chimfine.

Nyimbo isanathe yabwerera ku bwu.

Madzulo mayi a Tadala: "Kanthu kanga kakununkha ng'ombe. Musadzakagwirenso."

Lachisanu

Nzeru yabwera: kukhitchini ya holo kuli chitofu cha gasi. Moto ndi moto. Ndikuizunguza ng'oma pamwamba pake monga ankachitira abambo. Kungoti abambo sankacheuka kukalipira ana olimbirana bisiketi.

Zotsatira zake:
- ubweya wapsa
- alamu
- tonse panja pamvula, pamodzi ndi agogo achizungu a kalasi yoluka
- chikopa chang'ambika pakati

Paja amati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Yangayi yalira theka la nyimbo.

Loweruka

Ana asanu ndi awiri, ndowa ziwiri zokolopera m'malo mwa ng'oma, mapaipi. Avina. Mzere wokhota, koma avina, ndipo Tadala sanaphonye sitepe. Amayi a mumpingo akululutira ngati ukwati.

Mphwanga wawagwirira abambo foni kumudzi. Netiweki ikudukaduka, nkhope yawo yaonda. Akuti: "Adzukulu avina bwino. Koma chikulira kumeneko ndi chigubu." Khutu lawo silinakalambe.

Ndaulula zonse. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Lamulungu

Sindikupita kutchalitchi, alamu ija idakali pakamwa pa anthu. Mvula.

Abambo atumiza mawu pafoni ya mphwanga. Ndawamvera kanayi. "Chikopa si nkhani, ng'ombe zilipo. Ubwere nayo ndidzaikunge ndekha manja akadagwira. Ubwerenso ndi uja wosaphonya sitepe, ndimuone ndi maso."

Ndikufuna kwathu. Koma livu ya chaka chino ndaithera mu holo muja.

Ndawayankha kuti chaka chamawa. Chaka chathanso ndinatero.