Oyilo wa a Jere ndi Chitenje cha Apongozi

Mpaka lero ndikaona a Jere akudutsa pageti, mtima umachita kuwira. Iwo amaseka. Ine sindiseka, chifukwa ulemu umene ndinausunga zaka khumi ndi ziwiri unathera pamatabwa, anthu akuona.

Apongozi anga, mayi a mkazi wanga, anachitidwa opaleshoni ya bondo, ndiye tinagwirizana kuti achoke ku Chiparamba adzakhale nafe m'tauni. Khonde lathu ndi lalitali, masitepe sakanawatha. Ndinagula matabwa n'kukhoma rampu, kanjira kopendekeka kokwerera pakhonde. Ndinakhoma ndekha (kalipentala ndinamuthamangitsa, ankalankhula kwambiri).

Mudziwe kuti ine ndi apongozi tinkapewana monga mwa mwambo. Chanza sitinagwiranepo. Tikakumana panjira ndinkapatuka, ndipo mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Kumudzi kwawo akafuna kudzudzula mkamwini wamwano ankatchula dzina langa kuti atengereko.

Ndiye kubwera a Jere, neba wanga woyendetsa thiraki ku Mwami, atanyamula chigubu cha oyilo wakuda wokhetsa mu injini. Akuti chiswe cha kuno sichigona, pakani uyu, matabwa adzaona zidzukulu. Ndinapaka kawiri, chitsiru ine. Mawa lake mkazi wanga anati amayi ake sangafikire pachinthu chakuda bii chotero, n'kupakaponso polishi wofiira, kukwecha mpaka kuwala ngati mbale. Kenaka mvula inayamba.

Woyamba kuterereka anali galu wathu, ndipo munthu wanzeru akanamvera galuyo. Ine ndinawaza mchenga, mvula inakokolola. Ndinayala masaka, masakawo anatsika okha. Tsiku linakwana ndisanapeze nzeru ina.

Apongozi anatsika m'galimoto ndi ndodo yawo, mlamu wanga atawagwira mkono. Mlamuyo (munthu woti chibadwire sanakhomepo ngakhale msomali umodzi) anayang'ana rampu n'kufunsa ngati tikufuna kuti bondo linalo likaonenso dokotala. Zinandinyansa kwabasi. Ndinali nditaima pakhonde chapatali monga mkamwini waulemu, koma pamenepo ndinati ayi, ameneyu ndimuonetse.

"Alamu, ichi ndapanga ndine. Taonani."

Phazi loyamba linagwira. Lachiwiri sindikudziwa kumene linalowera. Ndinangoona mitambo, basi ndikutsika chagada ngati thumba la chimanga, manja akusakasaka pogwira. Pogwira pake anapapeza: miyendo ya apongozi. Ndinaikumbatira yonse iwiri. Mlamu anawakokera kumbuyo kuti asagwe, ndipo sanagwedi, koma chitenje chawo chinatsalira m'manja mwanga (mwayi anavala diresi m'kati, apo ayi bwenzi ndikukulemberani ndili ku Mozambique).

Pabwalo palibe amene anaseka. Kupatula a Jere, amene anagwira mpanda kuti kuseka kusawagwetse. Munthu wopanda chisoni! Ine ndili gone m'matope, msana wonse oyilo ndi polishi, sindikudziwa ngati chitenjecho ndipereke kapena ndidzifunditse kumutu.

Apongozi analowa m'nyumba atanyamulidwa ndi mlamu. Ine ndinatenga hamala n'kuzula matabwa onse tsiku lomwelo, ndikutukwana chamumtima. Atsopano ndinawakhomera timizere ta matayala akutha, ndipo tsopano ngakhale kugwe chimvula chotani phazi limagwira. Koma zinathandiza chiyani?

Ndinatuma mkazi wanga kukapepesa ndi nkhuku. Nkhukuyo inabwezedwa. M'malo mwake apongozi anandiitana ine mwiniwake, n'kundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Bambo, munthu woti wandivula chitenje pabwalo ndizimuopanso chiyani? Khalani apa. Ndili nazo zambiri zoti ndikuuzeni."

Anali nazodi. Anayambira pa suti imene ndinavala paukwati, kubwera pa kadyedwe kanga, kulira kwa mkonono wanga, maina amene ndinapatsa ana. Uno ndi mwezi wachitatu, ndipo sitinafike ndi pakati pomwe. Ndikaweruka kuntchito ndimawapeza pakhonde atandisungira mpando.

Dzulo akuti vuto langa lalikulu n'loti sindimva za anthu. Ine? Si kumvera anthu komweko kwandifikitsa pampandowu?