Ndinakwera Basi ndi Mwana wa Eni

Pali kanema wina ku Dubai kuno amene ndikanakonda atafufutidwa, koma ndikumva kuti anamusunga bwinobwino ndipo amaonetsa aliyense wodzayamba ntchito pamalo pomwe anajambulidwa. Mu kanemayo muli ine. Ndikumwetulira, ndikubayibitsa mlonda, ndikutuluka pageti ngati munthu wosalakwa, pamene nkhani imene ndikupalamulayo ndi yogona nayo m'chitokosi.

Ndimagwira ntchito yoyala mabedi pa kahotela kena ku Muraqqabat. Kwathu ku Balaka ndinasiya mwana wanga wamkazi atangosiya kuyamwa, ali m'manja mwa mayi anga, ndipo chibwerere kuno ndimangomuonera pafoni akukula. Tsiku lopuma anzanga a m'chipinda amapita kokazungulira m'masitolo akuluakulu, kumakagwiragwira nsapato zoti sagula. Ine ndinkangogona n'kumayang'ana kudenga, mtima ukuwawa.

Amene anandichotsa pabedipo ndi Che Imurani, bambo a ku Mangochi omwe amalondera panyumba ina yolerera ana opanda makolo. Tinadziwana m'basi (Mmalawi umamudziwa ndi moni wa pafoni, amafunsa mpaka mmene zadzukira mbuzi). Iwo ndiwo anandiuza kuti pamalopo amalandira anthu ongodzipereka kudzathandiza. Kulowa kwake sikunali kwa masewera. Anandifunsa mafunso, anandiyeza magazi, anafufuza ngati ndinapalamulapo. Pomaliza Madamu Salima, mkulu wa nyumbayo, anandiuza maso ali gwa kuti mwana satuluka pageti iwo osadziwa, ndipo wophwanya lamulo limenelo nkhani yake imakathera kupolisi. Ndinagwedeza mutu mwamphamvu, mumtima ndikuti nanga ine mwana wa eni ndingapite naye kuti.

Ntchito yake sinali ya ulemerero ayi. Kutsuka mabotolo a mkaka, kupinda tizovala, kukolopa phala lomwe ena apaka pansi mwadala, kuthamangitsana ndi tianthu tokana nsapato. Koma ndinene zoona, tsiku limenelo ndi limene linkandisunga wamoyo sabata yonse. Ndikanalandidwa limenelo, sindikudziwa kuti Dubai ndikanamupirira bwanji.

Kenako kunabwera Hamadi, kakhanda ka miyezi yochepa, ka tsitsi lopotana ndi mawu a munthu wamkulu. Mwana ameneyo ankalira! Marisa, nesi wachifilipino woyang'anira makanda, anayesa zonse. Anamuika pa kampando kogwedezeka kokha ndi magetsi, anamuyatsira kachidole koimba nyimbo, anamusinthira mkaka. Adokotala anati sakudwala. Iye ankangolira mpaka kusasa mawu, n'kudzutsa anzake onse kuti amuthandize.

Tsiku la tsokalo ndinapeza Marisa maso ali psuu, akuzungulira naye m'chipinda. M'chikwama mwanga simusowa chitenje, chifukwa eyakoni ya kuno, makina oziziritsa m'nyumba aja, imazizira ngati mufiriji. Ndinamupempha kuti ndimubereke mwanayo. Poyamba anakana, akuti agwa. Ndinawerama, kumuponya kumsana, kukulunga, kumanga pachifuwa, Marisa ali manja m'mwamba kudikira kuwakha. Ndinangoyenda kuchoka pazenera kufika pachitseko, Hamadi anati zii. Pobwerera anali atagona tulo tofa nato.

"Usamutsitse," anandinong'oneza Marisa. "Chonde, mchemwali wanga, chilichonse chichitike, usamutsitse."

Mawu amenewo ndinawasunga kuposa mmene mwini wake ankafunira.

Amayi anzanga mukudziwa mmene zimakhalira. Mwana akagona kumsana sakhalanso katundu, amangosanduka mbali ya thupi lako. Ndinatsuka mabotolo, ndinayanika, ndinakolopa khonde lonse, ndinadyetsa ena phala, ndikuimba pang'onopang'ono. Chibwerere ku Dubai ndinali ndisanamvepo bwino chonchija. Marisa nthawi yake inakwana, anaweruka kukagona, ndipo ndi kutopa kuja sanamuuze womulowa m'malo kumene kunali Hamadi.

Ine tsiku limenelo ndinali nditasinthana shifiti ndi mnzanga, ndimayenera kulowa kuhotela madzulo. Nditakweza maso pa wotchi ndinaona kuti ndachedwa kale, ndipo supavaiza wathu ndi munthu woti ukachedwa amakuyang'ana ngati wamudyera nkhuku. Ndinatola chikwama m'manja, ndinaponya mpango waukulu kumutu chifukwa cha dzuwa, ulendo. Pageti Che Imurani ananditsegulira, tinatsanzikana, ine liwiro kukakwera basi.

M'basi munali modzaza. Ndinagunditsa kadi yolipirira, ndinaima kutsogolo kumalo a azimayi, n'kugwira chitsulo. Tinayenda ndithu, ine maganizo ali pa bodza loti ndikamuuze supavaiza. Tikuyandikira ku Karama, mayi wina wachikulire wachimwenye anandikoka mkono n'kuimirira, akundilozera mpando wake. Ndinakana mwaulemu. Anaumirira, akuti munthu wa mwana sayenera kuimirira.

Ndinamuyankha, ndikuseka, kuti ine ndilibe mwana.

Mayi uja anandiyang'ana, anayang'ana m'chiuno mwanga, anandiyang'ananso. Nane ndinatsitsa maso. Uku kaphazi, uku kaphazi, tovala timasokosi ta buluu tomwe ndinapinda ndekha m'mawa womwewo.

Abale inu! Apa mpando uja ndinaufunadi, koma sindikanatha kukhala. Ndinatulutsa foni (timazimitsa kulira tikamalowa kwa makanda), ndipo inali itadzaza ndi mayina awiri okha, Madamu Salima ndi Che Imurani. Ndili chiyang'anire, inayakanso.

"Chemwali, muli kuti?" Anali Che Imurani. "Kuno kwavuta. Mwana wasowa, apolisi afika. Simunaoneko kanthu potuluka?"

"Achimwene, mwanayo ali kumsana kwanga."



"Kumsana kwa ndani?"

"Kwanga. Wagona."

Ndinamva akutchula dzina la Mulungu m'zilankhulo zitatu. Kenako anati ndibwerere msangamsanga, ndipo ndisayerekeze kuthamanga pamsewu, ndingaoneke ngati wakuba weniweni.

Ndinapempha dalaivala kuti aime, koma basi ya kuno si minibasi ya kwathu yoti ungomenya denga. Inakaima pamalo pake. Ndinatsika n'kuimitsa takisi, dalaivala wake Mpakistani wokonda nkhani. Anandifunsa kuti mwana wokongolayo bambo ake ndi a kuti, ine n'kuyankha kuti sindikudziwa, iye n'kungokweza wailesi. Njira yonse ndinkadziona ndili pandege, viza atadula, ndikukafotokozera mayi anga kuti ndathamangitsidwa chifukwa choba mwana mosadziwa. Choposa apo, ndinkadziwa kuti geti lija silidzanditsegukiranso. Apa n'kuti Hamadi atadzuka, akusewera ndi ndolo zanga, ndipo posonyeza kuti ulendo waukonda ananditenthetsa msana ndi zimene thewera linalephera kusunga.

Ndinapeza galimoto ya apolisi pageti, antchito onse ali panja, Marisa atadzutsidwa ku tulo, misozi ili chuchuchu. Anamasula mwanayo, adokotala anamuunika paliponse, anapezeka ali bwinobwino, akungoyasamula. Ine ananditengera ku ofesi ya Madamu, malaya atanyowa kumsana, kumene ndinapeza wapolisi wachizimayi ndi Che Imurani ataima pakona, chipewa chili m'manja.

Ndinafotokoza zonse. Wapolisiyo sanamvetse. Anandifunsa mobwerezabwereza kuti munthu angaiwale bwanji mwana yemwe wamunyamula, poti ngakhale chikwama chimalemera. Ndinati kwathu zimachitika, koma mawu anga omwe ankamveka ngati bodza. Ndiye anati tione kanema wa kamera ya pageti.

Tinaonerera tonse. Ine uyo ndikubwera chothamanga, timapazi tikulendewera. Che Imurani akudzuka pampando. Akutsegula geti. Kenako, anthu inu, akuwerama, akugwira kaphazi ka Hamadi, akukagwedeza pang'ono, n'kutibayibitsa tonse awiri.

Madamu anaimitsa kanemayo n'kutembenuka pang'onopang'ono.

"Imurani, unamuona mwanayo?"

"Ndinamuona, Madamu."

"Nanga bwanji unandiuza kuti palibe mwana watuluka?"

Che Imurani anakanda kumutu. "Madamu, ine ndinangoona mzimayi ali ndi mwana kumsana. Kwathu mzimayi amaoneka choncho."

Wapolisi uja anayesetsa ndithu. Analuma mlomo, anayang'ana kudenga, kenako anangoti phwete, mpaka kugwira tebulo. Anapempha kuti abwezerenso pa kaphazi paja. Madamu okha sanaseke. Apolisi atalemba zolemba zawo n'kunyamuka, Madamu anatulutsa Che Imurani ndi chenjezo loti makutu awo anamva, ine n'kutsala ndekha nditazyolika. Ndinayamba kupepesa, ndikulira, ndikuti ndikudziwa kuti sindidzabweranso, koma andilole ndimutsanzike Hamadi.

Anandisiya ndilire mpaka nditatopa. Kenako anati zimene ndachita ndi zoopsa, mtima wawo unatsala pang'ono kuima, ndipo zikadzachitikanso sadzandiyankhulira kwa aliyense. Ananena zambiri, zonse zoona. Atamaliza anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Ana onse muno anabwera chifukwa wina anawasiya penapake," anatero. "Iwe ndiwe woyamba kuiwala kusiya. Yalla, pita ukasinthe malayawo, ukununkha."

Chilango chinalipo. Ndinakhala kanthawi osaloledwa kufika, ndipo kuhotela supavaiza anandikalipira mpaka malovu kuuma (chifukwa chochedwera sindinamuuze, anaona yekha kuti ndi nkhani yoti asafunse). Nditabwerera ndinapeza lamulo latsopano. Aliyense wotuluka pageti amayenera kutembenuka kuti mlonda amuone kumsana, kaya ndi nesi, kaya wobweretsa madzi, kaya Madamu amene. Lamuloli alipatsa dzina langa. Che Imurani amandizunguliritsa kawiri, nkhope ili gwa ngati sitidziwana, ndiye amasuzumiranso m'chikwama.

Ndinapezanso kuti Marisa wagula nsalu ku Karama ndipo akundidikira kuti ndimuphunzitse pamodzi ndi anzake kubereka mwana kumsana. Lero mukalowa m'chipinda cha makanda mupeza Mfilipino, Mnepali ndi Msudani akuyendayenda, aliyense kamutu kali kumsana, m'nyumba muli bata.

Hamadi wayamba kukwawa, ndipo wapeza banja. Mayi wake watsopano ndi Mwarabu wofatsa yemwe wadikira mwana zaka zambiri. Amabwera tsiku langa lomwelo kuti azolowerane naye, ndipo ndine ndikumuphunzitsa kamangidwe ka chitenje. Mfundo yake imamasuka, koma akuyesetsa, ndipo Hamadi wayamba kumugonera. Ndinamupatsa chitenje changa chija kuti apite nacho. Ndinamuchenjezanso, monga katswiri, kuti asanakwere chilichonse azigwira kaye kumsana. Anaseka, akuti inshallah tsiku lake likadzafika adzatuluka naye pageti paja masana, aliyense akuona, ndipo palibe adzaitane apolisi.

Ndinaseka naye, ndipo ndinakondwa ndi mtima wonse. Ndawapempha Madamu kuti tsiku limenelo andilole ndimubereke Hamadi kuchokera kuchipinda kukafika pageti. Avomera, koma akuti Che Imurani adzakiye kaye geti, ndipo makiyi adzasunga Madamuwo okha.