Kamoni wa ku Halale

Anzanga, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chake ana a m'mudzi muno amandikuwa kuti "aKamoni" pamene ine ndine Sakala, ndipo ndatopa nako kuzemba, lero ndingokuuzani kuti mundisiye ndipume.

Zinachitika nkhondo ya azungu ija ili mkati, nditangobwera kuchokera ku Halale kumene ndinakalambira ndikupalira fodya pa famu ya mzungu. Ndinafika kuno ku Chipangali ndi jekete, chipewa, ndi mbiri yoti ndimadziwa Chingerezi. Mbiriyo ndinaifalitsa ndekha, sindikana. Mwana wanga Agnesi ndinamupeza atasinkhuka, akuphunzira pa sukulu yathu yaudzu ija, ndipo aphunzitsi ake aTembo anati m'kalasi monse palibe womuposa. Anatinso mvula ikatha kudzabwera Abambo a ku mishoni kudzayesa ana, okhoza adzawatenga kukapitiriza sitandade kwa asisitere. Mwanayo mtima wake wonse unali pamenepo, chifukwa malume ake anali atanena kale kuti akalephera basi, agwire khasu adikire mwamuna. Ndiye ine monga bambo woyenda ndinati ndimuthandize. Kodi pamenepo panali cholakwa?

Tinayamba ndi samu. Anabwera ndi sileti, akuti mango khumi ndi awiri awagawire ana atatu mofanana. Ine ndinati, "Mofanana? Kunyumba kwa yani? Wamkulu amayamba kusankha, wamng'ono amatola zotsala, lemba zimenezo." Mawa lake anabwera ndi chimtanda pa sileti, ine n'kumakondwa kuti aphunzitsi adalitsa yankho langa, mpaka mwana anayamba kulira.

Kenaka za ukhondo. "Atate, akuti malungo amabwera ndi udzudzu." Ine kuseka. Udzudzu, kanthu koti ndikaomba m'manja kafa? Ndinamuuza kuti malungo amagwira munthu akatafuna misinde yosakhwima kwinaku akunyowa ndi mvula. Anakanena zimenezo, anamupatsa chibalo chothirira dimba la sukulu. Za dziko ndiye musanene, akuti ndi lozungulira ngati lalanje! Ndinati, "Ukawauze aTembo kuti atate anga anayenda wapansi mpaka ku Halale, anaoloka Zambezi, sanaone pamene lapindika." Mkazi wanga NaBanda anandiyang'ana motopa n'kuti, "Atate ake a Agnesi, musiyeni mwanayu, inu sukulu munangoidutsa panja." Ndikanamva pomwepo bwenzi lero ndili munthu, koma paja wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ndinati chabwino, zinazo ndasiya, koma Chingerezi chokha palibe angandiuze. ATembo anali atasankha Agnesi kuti ndiye adzapereke moni kwa Abambo, anamuphunzitsa kuti "Gudumoningi, Fada." Ine ndinati chimenecho ndi Chingerezi cha m'buku, cha anthu osayenda. Mzungu wathu m'mawa uliwonse akandiona ankakuwa kuti, "Kamoni, bulalifulu!" Ndinamumasulira mwana bwinobwino kuti kamoni ndi moni wathu yemweyu, kungoti azungu amamuchepetsa poti sakonda kutaya nthawi, ndipo bulalifulu ndi dzina laulemu, chifukwa pa famu yonse amene ankaitanidwa nalo kawirikawiri ndinali ine. Tinkayeserera masana tikusenda mtedza pakhonde, ndipo ndinamuchenjeza kuti asauze munthu, anzake angamubere.

Tsiku lija Abambo anafika pa njinga yamoto, mkanjo woyera utafiira ndi fumbi, ndevu mpaka pachifuwa. Makolo tinakhala pa bwalo la sukulu, ine kutsogolo ndi jekete yanga, dzuwa likuswa mtengo koma osaivula. Ana anaguba, anaimba, ananena katekisimu. Abambo anamufunsa Agnesi samu, anakhoza. Anamufunsa za malungo, anati udzudzu. Anamufunsa za dziko, anati lalanje, osandiyang'ana n'komwe. Ine mumtima ndinati palibe kanthu, dikirani Chingerezi.

ATembo anamukodola. Mwana wanga anapita kutsogolo, anapinda maondo mwaulemu monga tinamulerera, n'kukweza mawu kuti ndi a kumbuyo omwe amve:

"Kamoni, bulalifulu!"

Choko chinagwa m'manja mwa aTembo. Munthu mmodzi yekha ndiye anaomba m'manja pabwalo lonselo, ndipo mukumudziwa. Abambo anafiira mpaka makutu, kenaka anafunsa m'Chinyanja chawo chopotoka chija, "Mwana wanga, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Atate anga, awo avala jeketewo. Ndi moni amene mzungu wawo ankawapatsa tsiku lililonse."

ATembo anabwera n'kundinong'oneza kuti, "ASakala, mwatipha. Mawu amenewo akutanthauza kuti fulumira, chitsiru cha munthu iwe."

Mayo ine! Zaka zonse zija ine ndikuvula chipewa, mano pamtunda, kuyankha kuti "Zikomo, bwana"! Ndinamva manyazi, koma kunena zoona chinandiwawa kwambiri ndi kuona Agnesi atazindikira kuti zalakwika, misozi ili mbwee, kwinaku malume ake akumwetulira ngati munthu amene wapeza kale wopalira munda wake. Ndinati basi, ndamuphera mwana sukulu ndi pakamwa panga.

Abambo anandiyang'ana, anayang'ana jekete, kenaka anayamba kuseka mpaka kupukuta maso ndi mkanjo. Atapuma anati, "ATembo, mwanayu timutenga. Samu akudziwa, katekisimu akudziwa. Chatsala ndi kumuchotsa msanga pafupi ndi mphunzitsi wake wa kunyumba."

Ndiye anapita kwa asisitere, mwinanso tinene kuti ndinamuthandizadi, poti anamutenga pomuthawitsa kwa ine. Masiku ano akabwera pa holide ndi mafunso ake ndimangoti akafunse amayi ake, dziko likhale lalanje, likhale dzungu, ine sizikundikhudza. Chingerezi ndinalumbira, sindidzachiyankhulanso, ngakhale galu ndimamuthamangitsa m'Chinyanja. Ana akandikuwa panjira kuti "aKamoni!" sindiwathamangitsa, mphamvu zake ndilibe. Ndimangothokoza Mulungu kuti theka linalo analiiwala.