Mowa Wofiirira wa Kometsani

Kuseri kwa mapiri amene inu simudawakwerepo kuli dziko lotchedwa Zilibwino. Dzinali silidangobwera lokha, pakuti lamulo la kumeneko limati munthu akafunsidwa za moyo ayankhe mawu amenewo basi, ngakhale atakhala masiku atatu osaika kanthu mkamwa. Wolamula dzikolo adali Mfumu Sindilakwa, amene ankakhala pa Phiri la Okhuta pamodzi ndi nduna zake, pomwe anthu wamba ankakhala m'munsi, m'Chigwa cha Odikira. Chaka ndi chaka anthu a m'chigwa ankasenza chimanga ndi mapira kukathira m'nkhokwe yaikulu ya paphiri, atalonjezedwa kuti tsiku la njala adzatapamo. Njala idafika. Adakwera phiri ndi madengu awo, koma pachipata adabwezedwa ndi mawu okoma akuti adikire tsiku la chikondwerero, pamene Mwinidziko adzawabwezere mbewu zawo m'njira imene sadaionepo.

M'dzikomo mowa sunkamwedwa pagulu mlawi asadaulawe, ndipo mlawiyo adali Mayi Sabisa, mayi wa m'chigwa momwemo amene adagwira ntchitoyi zaka makumi awiri. Ankapaka mowa pa lilime, kuuzunguza mkamwa, kulavulira m'chikho, kenako n'kunena liwu limodzi mwa awiri: “Upite” kapena “Utayidwe.” Mfumu ikavomereza liwulo, palibe wina akadalisintha kupatula mlawi yemweyo. Mayi Sabisa adali ndi maso akuthwa ngati lilime lawo. Adaona malata a nkhokwe yaikulu akukhomoledwa kuti akafolere nyumba yofululira mowa ya Kometsani, mwana wa mlongo wake wa mfumu. Adaonanso mvula ya miyezi iwiri ikugwera m'nkhokwe yopanda denga, nduna zikudutsa pomwepo ndi maambulera awo, zitayang'ana kumbali.

Tsiku la chikondwerero litakwana, chigwa chonse chidakwera phiri, anthu owonda makosi, ana atalendewera kumsana osalira n'komwe. Pabwalo sadapezepo thumba la chimanga ngakhale limodzi. Adapeza mabotolo mazana asanu atandalikidwa pa matebulo, lililonse lili ndi pepala lokhala ndi nkhope ya mfumu ikumwetulira. Kometsani adaimirira, atavala jekete pa dzuwa lonselo, nagwada pang'ono.

“Zikomo Mwinidziko, zikomo nduna zolemekezeka, zikomo inu a m'munsi. Mbewu zanu zija ndi izi, zabwerera kwa inu zitaphunzira sukulu. Awa si masese a m'mitsuko amene mumamwa mukulavula madeya ayi. Uwu ndi mowa wa luso, wofululidwa pang'onopang'ono ndi manja anga. Chimera ndachikazinga mpaka kufiirira, ndathiramo uchi wa m'thengo, khofi, makoko a malalanje ndi kajinja. Mlawi akangoti upite, aliyense alandira lake, kwaulere.”

Patsogolo pa mzere padali Bambo Chaulere, amuna awo a Mayi Sabisa, atanyamula kapu yaikulu ngati poto. Kuyambira dzulo lake sadadye kanthu, monga anzawo onse kumbuyo kwawo. “Akazi anga inu, fulumirani!” adafuula. “Kulawa si kuphika nyemba. Kukhosi kwauma kuno!” Anthu adaseka, kuseka kwa anthu opanda mphamvu.

Mayi Sabisa adathira mowawo m'tambula naukweza ku dzuwa. Udali wokongola, asaname munthu: wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, thovu lake losalala. Adanunkhiza, mphuno ikalandira uchi ndi khofi. Adapaka pa lilime. Kudayamba kutsekemera, kenako kuwawa kwabwino kwa chimera chokazinga, kenako jinja akuyabwa kukhosi, malalanje akudutsa chapatali. Koma iwo sadathamangire kulavula. Adadikira kuti alendo onsewo atsazike, ndipo atapita padatsala mwini nyumba: chuku, kukoma kwa thumba lonyowa limene laiwalika kuseri kwa chitseko. Ankakudziwa kukoma kumeneko. Ali mtsikana adaonapo banja lathunthu likunyamulidwa pa machira litadya chimanga chotere, ndipo awo adali anthu okhuta. Nanga awa a m'mimba mopanda kanthu? Adalavulira m'chikho, napukuta pakamwa.

“Utayidwe.”

Mayi Sabisa adatembenukira kwa mfumu. “Mwinidziko, chimera cha mowa uwu n'chowola. Achikazinga kuti chuku chisaoneke, athira uchi kuti chisamveke. Mukawapatsa anthu anjala awa, mawa mukumba manda.”

Nduna Indetu, imene inkakhala kudzanja lamanja la mfumu, idadzuka ikukonza tayi. “Mayi, tiyeni tiyende bwinobwino. Mukati chimera n'chowola, mukuti mbewu za m'nkhokwe ya Mwinidziko zidawola. Mbewu zikawola ndiye kuti zidavumbwa. Zikavumbwa ndiye kuti wina adalakwa. Tatiuzani pamaso pa anthu onsewa, walakwa ndani m'dziko la Mfumu Sindilakwa?”

“Funsani malata ali pa nyumba ya mwana uyu,” adatero Mayi Sabisa.

“Tamverani mkamwa mwa anthu a masese!” adakuwa Kometsani. “Lilime lozolowera matope lingadziwe chiyani za khofi?”

Chomwe chidawapweteka kwambiri Mayi Sabisa si mawu amenewo ayi, koma phokoso lochokera ku mzere. Anthu omwewo amene adalima chimangacho ankakuwa kuti mlawi wakalamba, achoke. Bambo Chaulere ankamenya kapu yawo ndi mwala. “Mayi, musandichititse manyazi pagulu! Chuku chimenecho ndikachimva ndekha!”

Mfumu idakweza dzanja, phokoso lidatha. “Mayi Sabisa, ine sindivomereza liwu lanu. Lawaninso. Lilime likakukanikani kachiwiri, mkazi wa Kometsani nayenso ali ndi lilime, ndipo adzakhala mlawi dzuwa lisanapendeke.”

Apo Mayi Sabisa adaona pamene nkhani yaima. Akanenanso zoona, achotsedwa, wina anena kuti upite, ndipo mabotolo atsika phiri chimodzimodzi. Mtima udawatentha. Adathiranso mowa m'tambula, ndipo pokweza maso adaona nduna zonse zikuyang'anitsitsa thovu lija, zikumeza malovu, mimba zitatsamira pa mawondo. Ngakhale mfumu inkanyambita milomo. Mayi Sabisa adalawa, adalavula, kenako adagwada mpaka pansi.

“Mwinidziko, mundikhululukire. Koyamba kaja lilime langa lidadzidzimuka, pakuti silidakumanepo ndi ulemerero wotere. Mowa uwu upite. Koma ndilankhule monga mlawi: upite kuti? Uchi uwu, khofi uyu, luso la mwana wa m'nyumba yachifumu, zilowe m'mero wa munthu wogwira khasu? Taonani amuna anga apo ndi kapu yawo. Adzaugugudiza ngati madzi a pachitsime, osamva n'komwe malalanje. Mabotolo mazana asanu athera mwa anthu otere tsiku limodzi, ndipo inu a paphiri mudzangomva mbiri yake.”

“Indetu!” idatero Nduna Indetu, isadayang'ane n'komwe kwa mfumu. Kenako idayang'ana, ndi kuona kuti mfumu ikugwedeza mutu movomereza. “Indetu, indetu!”

Mfumu Sindilakwa idaimirira. “Liwu la mlawi ndalivomereza, pakuti ndi zimene ine ndimaganiza kale. Mowa uwu ndi woposa mowa wonse umene udafululidwapo m'dziko langa, ndipo ndi wa paphiri. Masana aliwonse ng'oma ikalira, ine, nduna zanga ndi wofulula tidzamwa botolo aliyense pabwalo pano, anthu akuona, mpaka utatha. A m'munsi abwerere kwawo, adikire.”

Mayi Sabisa adatsika phiri okha, anthu akuwalavulira m'mapazi ndi kuwatcha galu wa okhuta. Bambo Chaulere adasamutsira mphasa yawo kukhitchini, ndipo masiku anayi sadawalankhule. Banjalo lidapitiriza kudya zimene chigwa chonse chinkadya, maungu osakhwima ndi masamba a chinangwa.

M'mawa wa tsiku lachisanu, Mayi Sabisa akusinja masambawo, pabwalo padafika Nduna Indetu, yopanda tayi, maso atalowa mkati, ikuyenda mosamala ngati yasenza mazira.

“Mwadzuka bwanji, a Nduna?”

“Zili bwino,” idayankha, itagwira pamimba. Idakhala pa mtondo wogubuduzika, ndi kutsitsa mawu. “Mayi, paphiri sipali bwino. Kometsani sakudzuka. Mwinidziko akutsamira anthu awiri popita pabwalo. Koma adanena okha pamaso pa dziko kuti mowawo ulibe unzake, ndiye sangabweze. Ng'oma ikalira tikumwabe, tikumwetulira. Inu nokha ndi amene mungasinthe liwu lija. Kwerani mukalawe kachitatu, mukanene kuti utayidwe. Chonde, mayi wanga.”

Bambo Chaulere, amene ankamvetsera pakhomo la khitchini, adayang'ana nduna kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako adalowanso mkati.

Mayi Sabisa sadasiye kusinja. “Kuti utayidwe ndinene chifukwa, a Nduna. Ndikanene kuti chimera n'chowola?”

“Ayi, zimenezo ayi.”

“Ndikanene kuti nkhokwe idavumbwa?”

“Mayi, mukudziwa kuti sizingatheke.”

“Ndiye mowawo ulibe vuto. Kwatsala mabotolo angati?”

“Mazana anayi ndi makumi atatu.”

“Musataye ngakhale dontho. Thukuta lathu limenelo.”

Nduna idakhala pamenepo nthawi yaitali, ikupempha, ikulonjeza, musi ukungogunda. Dzuwa litafika pamutu, ng'oma idalira pa Phiri la Okhuta. Nduna Indetu idadzuka pang'onopang'ono, idasasa fumbi ku thalauza, niyamba kukwera.